Cholembera Chofiira cha Aphunzitsi

Pamdadada wonse palibe kalata ya Chingerezi imene imapita ku ofesi isanadutse m'manja mwa Aphunzitsi. Anapuma ntchito kalekale, koma cholembera chofiira sichichoka m'thumba la malaya awo. Kalata amaiwerenga katatu, milomo ikugwedera, ndipo ikachoka amatsala mtima uli m'mwamba. "Abwana saona nkhope, amaona pepala," amatero.

Lachisanu lina mwana wa mlongo wawo anabwera ndi kalata yofunsira ntchito ya unamwino. Tsiku lotsekera linali lomwelo. Aphunzitsi anakakamira pa mawu awiri amene ngakhale ophunzira amawasinthanitsa. Anatsegula dikishonale, kutseka, kutsegulanso, thukuta lili kamukamu.

"Amalume, ofesi atseka folo koloko," anadandaula mtsikanayo.

"Dikira kaye. Ukalakwitsa apa akakuseka."

"Bola akandiseke kalata itafika!"

Anaitsomphola n'kuthamangira basi.

Aphunzitsi anaima pakhomo mpaka basiyo inakhota. Atalowa anatsegula kabati, n'kutulutsa kalata yawo yopepesa kwa mkulu wawo, imene akhala akuikonza zaka zinayi. Mkulu wawoyo tsopano ali gone kuchipatala, koma chiganizo choyamba cha kalatayo sichinawakhalebe bwino Aphunzitsi.