Jombo Yosokedwa ndi Waya

Mkulu wosoka nsapato pakhonde la sitolo anatha zaka makumi anayi akusimba kuti kunkhondo, ulusi utatha, ankasoka jombo za asilikali ndi waya wa lamya. Anthu ankangoti akuthira mchere.

Tsiku lina mkamwini wake, mphunzitsi, anabwera ndi buku la mbiri ya nkhondoyo.

"Bambo, ndawerenga lonse. Za wayazo mulibe muno."

Mkuluyo analavula misomali imene inali kukamwa. Anasolola jombo yakutha pansi pa benchi, waya wadzimbiri ali poyera, n'kuiponya pabukupo.

"Amene analemba bukulo ankayenda pa galimoto. Ife tinaponda miyala milungu itatu. Valani iyi, mukafike pamsewu apo, ndiye mudzandiwerengere bwino."