Tsiku Limene Ndinaseka Khoma

Mlamu wanga, mchimwene wa mayi a kunyumba, amajambula maukwati pa Nsaru. Maukwati akachepa amapanga timafilimu toseketsa n'kumatiponya m'magulu a pafoni. Loweruka lina anandipeza pamsika ndikugula matumba a mtedza, n'kundikokera kuseri kwa golosale.

"Alamu, nkhope yanuyi ndi chuma. Tangoimani apa, museke."

"Ndiseke chiyani kodi? Khomali?"

Anandifotokozera kuti m'filimu wochita chinthu amamujambula payekha, woseka kapena wodabwa payekhanso, kenako n'kulumikiza. Woonera amayesa kuti anali pamodzi. Ine ndi uchitsiru wanga ndinamva kukoma kuti ndioneka m'filimu. Poyamba kuseka kunkakana, ndiye anayamba kutsanzira mmene ndimapalasira njinga ndikasenza fodya. Ndinaseka mpaka misozi. Anati ndilozenso ndi chala, ndinaloza.

Mawa lake linali tsiku lalikulu kwa mnzanga wa kuubwana, amene tinkaweta naye mbuzi. Iyeyu ndi wachibwibwi. Zaka zonsezi ankakana kuwerenga mawu m'tchalitchi, ndipo amene ndinamukakamiza ndine. Masabata atatu tinkakhala pa chigafa chake, iye akuwerenga ndime imene anamupatsa, ine ndikumulimbitsa mtima. Tsikulo anaima kutsogolo. Anakakamira pa liwu limodzi kwa kanthawi, thukuta lili kamukamu, koma anamaliza. Ine ndinali pa benchi yachiwiri ndikumupempherera chamumtima. Sindinaone kuti mlamu wanga wakweza foni.

Lachitatu mayi a kunyumba anangondipatsira foni yawo, kafilimu kakuoneka. Mnzanga akulimbana ndi liwu lija, kenako ine, mano onse pamtunda, ndikuloza. Kubwerera kwa iye, kubwereranso kwa ine. Katatu konse. Khoma la golosale lija n'lopaka laimu ngati la tchalitchi chathu, moti ngakhale ine mwini ndikanalumbira kuti ndinaseka m'nyumba ya Mulungu. Pofika Lachisanu, akabaza ochokera ku Nambuma ankandikuwiza pamsewu.

Mlamu wanga ndinamupeza akutchajitsa foni.

"Aa, alamu, n'zocheza izi. Si mwatchuka, eti?"

Ndinafuna kumuswera foniyo pamutu. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti anachita kukonzekera. Za kuwerengako anazimvera pakhomo panga, akudya mbatata yanga, ine ndikunyadira mnzangayo. Anabwera kudzatenga kuseka kwanga akudziwa kale pokakuika.

Ndinapita kwa mnzanga uja. Anali pakhonde akuswa mtedza. Anandipatsa mpando, ndipo ndinafotokoza zonse: golosale, khoma, njinga, kulumikiza. Pamene ndinkayankhula ndinkadzimvera ndekha kuti nkhani yanga ikumveka ngati bodza. Munthu wamkulu, wa ana asanu, kuseka khoma?

Anandimvetsera mpaka kumapeto. Poyankha anachedwa monga mwa nthawi zonse, ndipo ndinadikira.

"Ndamva. Mwina n'zoona. Koma ana anga akuwaseka kusukulu. Ndawauza akulu a mpingo kuti asadzandiikenso pa owerenga mawu."

Ndinayesa kunena kuti tikhoza kuyambiranso. Iye anangopitiriza kuswa mtedza. Nditatsanzika ndinaima pang'ono kudikira kuti anyamuke andiperekeze, monga amachitira munthu ndi mlendo aliyense, ngakhale wogula nkhuku.

Sananyamuke. Ndinatuluka pa mpanda ndekha.