Kamba amene sanakwere ndege

Ine ku Nairobi ndinabwera kudzachiritsa maso, maso n'kuchira, ine n'kutsalira. Ndimakhala kwa mwana wanga wamkazi, amene amagwira ntchito ku Upper Hill, kunyumba zija ukati uone nsonga yake duku limagwa. Mwana wake, mdzukulu wanga, ndiye anali ku yunivesite kuphunzira za kayendedwe ka katundu. Atandiuza ndinaseka. Ndati katundu amayenda? Si amachita kusenzedwa? Iye akuti, "Agogo, sukulu yake ndi yomweyo, kudziwa wosenza."

Chaka chimenecho kunabwera ana a sukulu a ku Amereka kudzaphunzira zomwezo, ndipo mmodzi ankagona kwathu. Mtsikana wamtali, botolo la madzi losachoka kumanja. Iye Chichewa ayi, ine Chizungu ayi, wotimasulira anali mdzukulu wangayo. Ankanditchula shosho, monga amaitanira agogo kuno. Tsiku lina awiriwa anabwerako ku Embakasi, kufupi ndi bwalo la ndege, atavala majuzi dzuwa likuswa mtengo. Akuti analowa m'nyumba yozizira mosungira maluwa, maluwa othyola lero, n'kukwera ndege, n'kukafika kutsidya kwa nyanja asanafote. Mlendoyo anandifunsa kuti kwathu katundu timatumiza bwanji. Ndati timapatsira munthu. Wopita ndiye positi. Anawomba m'manja ngati ndanena za nzeru.

Kenaka inabwera nkhani: mdzukulu wanga amusankha, naye akaphunzire ku Amereka, apitira limodzi ndi mnzakeyo. Mayo ine! Ndinaimba, ndinavina, nthungululu mpaka mlonda wa pageti anakwera kudzafunsa ngati kwagwa zovuta. Ndati zagwa zabwino, bambo, bwererani!

Koma kwathu mwana sachoka chimanjamanja. Amayi anga pondiperekeza ku ukwati anandimangira kamba. Ine poperekeza mayi wa mdzukulu wangayu kusukulu ndinamumangira kamba. Kamba ndiye dzanja lako limene limatsagana ndi mwana kumene miyendo yako siifika. Ndiye ndinakwera matatu, minibasi za kuno, ndekha, ine wosadziwa Chiswahili, ndinakagula nkhuku poloza ndi chala. Ndinaikazinga mpaka kuuma gwa. Ndinaphika thobwa. Ndinasankha mango osapsetsa. Ndinamasula pakansalu nthanga za maungu zimene ndinachoka nazo kumudzi, kuti akadzale, azikadya nkhwani.

M'mawa wa ulendo mdzukulu wanga ananditulutsira zonse zimene ndinamulongedzera m'chikwama, chimodzichimodzi, n'kuziyala patebulo.

"Agogo, nkhuku siilowa ku Amereka."

"Yakufa kale iyi, ikalakwira ndani?"

"Nyama salola. Mango salola. Nthangazi ndiye mlandu, amati zimabweretsa matenda a mbewu. Kuli agalu onunkhiza zikwama."

"Galu ndiye mumuponyere mwendo umodzi, mudutse!"

Mayi ake anaseka mpaka kukhala pansi. Mlendo uja atamasuliridwa anaseka naye, kenaka anasiya, n'kundigwira dzanja. Akuti n'zoona, shosho, ngakhale apulo la mayi ake enieni angalitaye. Ndati nanga thobwa, madzi chabe? Mdzukulu akuti botolo lalikulu salowa nalo m'ndege, ndipo m'chikwama chapansi lingaphulike.

"Ndiye mwaphunzira chiyani inu?" ndinatero. "Duwa losadyedwa mukulidziwira njira, nkhuku ya agogo ako yokha njira palibe?"

"Njira ndikuidziwa, agogo. N'chifukwa chake ndikudziwa kuti yatsekedwa."

Pamenepo nyimbo inandithera. Ndikanakangana ndi munthu, ndikanamugonjetsa, pakamwa ndili napo. Koma woletsayo sindimuona, ali kutali, sandidziwa, sadzamva n'komwe kuti kuli gogo wina anakazinga nkhuku.

Ndinamangabe zonse m'chitenje, n'kukwera nazo galimoto. Ndati m'mimba sasecha. Pabwalo la ndege, panja pamene operekeza amathera, ndinamasula mfundo.

"Idya."

"Agogo, anthu akuona."

"Aone, ali ndi maso. Idya, iwe!"

Analuma kachidutswa, n'kumatafuna, n'kumatafuna, osameza. Thobwa anangonyowetsa milomo. Mnzake uja ndiye anadya chiwalo chonse, mafuta ali chuchuchu m'zala, akuti zikomo, liwu limodzi lomwe analigwira. Ndinakondwa, inde, koma si amene ndinamukazingira.

Mdzukulu wanga anandikumbatira, nalowa. Ndinamuona pagalasi akuvula lamba, akuika chikwama pamakina, chikwama chopanda kanthu kanga ngakhale kamodzi. Ndinayesa kuyambitsa nyimbo yoperekezera, mawu anatuluka theka.

Pobwerera tinaima pamzere wa magalimoto pa Embakasi, malole a maluwa akutidutsa kulowera kumene tinachokera. Mwana wanga akuti, "Amayi, musadandaule, kumeneko chakudya chiliko." Ndati ndikudziwa. Mtolo unali pamiyendo panga, wolemera ngati mmene ndinapitira nawo.