Tsiku limene anesi anakapempha litsiro

Loweruka lapitali aneba anga anandiitana pa mpanda. Ndi anesi, a Nambewe, kwawo ndi ku Dedza koma kuno ku Karonga akhalitsa. Mayi amenewa sakonda kupempha kanthu kwa munthu, ndiye nditamva kuti "Aphunzitsi, tabwerani mudzaone," ndinasiya zochapa zanga m'beseni n'kupita.

Pabalaza pawo pali thanki yagalasi ya nsomba. Inali ya amuna awo amene anatisiya chaka chatha. Malemuwo ankaweta timbuna, tija tamizeremizere tachikasu ndi tabuluu, ndipo ife tinkawaseka. Munthu nyanja ili pakhomo n'kumaweta m'nyumba nsomba zoti sadzadya? Iwo ankangomwetulira.

Tsiku limenelo m'thankimo munali mutatsala ziwiri zokha, nazonso zikupumira pamwamba ngati munthu wa mphumu.

"Zikafa izi," anatero a Nambewe, "ndiye kuti zonse zimene abambo ankasamala zathera m'manja mwanga. Ine ndimasamala anthu kuchipatala. Nsomba zikundikanika bwanji?"

Chimene chinandizunguza mutu ndi madziwo. Anali mbee, oti ukhoza kutunga n'kumwa. Nsomba ingafe bwanji m'madzi oyera chonchi, pamene milamba imanenepa m'matope a m'minda ya mpunga?

Ndinawafunsa mmene amasamalira thankiyo. Anandionetsa fyuluta, kachipangizo kokhala ndi pampu kamene kamakoka madzi n'kuwadutsitsa m'chinkhupule. Loweruka lililonse amachotsa chinkhupulecho, kuchichapa ndi sopo pampopi, kuchithira madzi owira, n'kuchiyanika padzuwa la Karonga lino loti likhoza kuwotcha dzira. Nsomba zitayamba kufa anaganiza kuti fyulutayo yakalamba. Anatuma mnzawo wopita ku Tanzania kukawagulira ina yaikulu, ndipo chinkhupule chakalecho anachitaya kudzala. Nsomba zinayamba kufa mofulumira kuposa kale.

Ine za nsomba ndimangodziwa zokazinga. Koma chinthu chikandivuta kumvetsa sindipeza mtendere, mkazi wanga amati ndi matenda. Ndinafunsa mnzanga wophunzitsa sayansi, ndinawerenganso pafoni mpaka batire kutha.

Abale, kodi inu mumadziwa kuti fyuluta imagwira ntchito ziwiri? Yoyamba ndi imene tonse timaiona, yokola zinyalala. Inayo siioneka. M'chinkhupule muja mumakhala tizilombo ting'onoting'ono timene timadya poizoni wochokera ku ndowe za nsomba. Poizoniyo alibe mtundu, madzi akhoza kukhala mbee koma ali oopsa. Tizilomboto timatenga milungu kuti tichuluke, ndipo sopo, madzi owira ngakhale mankhwala a m'madzi apampopi amatipha nthawi imodzi. Fyuluta yatsopano, kaya ikule bwanji, imabwera ilibe ndi kamodzi komwe. Kachapidwe kake n'kungochifinya chinkhupulecho m'ndowa ya madzi ochokera m'thanki momwemo, n'kuchibwezera chikadali chofiirira.

Nditawafotokozera a Nambewe, sanandilole kumaliza. Anagwira pakamwa.

"Basi ndamva. N'chimodzimodzi wodwala amene wamwa mankhwala amphamvu nthawi yaitali. Amayamba kutsegula m'mimba chifukwa tapha ndi tizilombo tothandiza tomwe. Zimenezi ndimauza anthu tsiku ndi tsiku."

Sikuti sankadziwa ayi. Kungoti manja a nesi akaona chinthu chofiirira chonanda amathamangira ku sopo mutu usanaganize. Ndipo kuwodi manja otero ndi amene timawafuna.

Kuchokera tsiku limenelo ndakhala ndikuyang'ana anthufe ndi diso lina. Timakonda kuyeretsatu ife. M'mawa uliwonse timasesa pabwalo mpaka nthaka kutsala gwa, masamba n'kuwatentha, kenako n'kumadabwa kuti mvula ikukokolola pakhomo. Ndikadutsa cha ku Lupembe nyengo yososa ndimaona utsi m'minda, mapesi akupsa, chonsecho ndi chakudya cha nthaka. Kusukulu nako bwana watsopano akabwera amayamba n'kuchotsa zonse zimene anapeza, osafunsa kaye kuti kodi izi anaziikiranji.

Musandimve molakwa. Kuno tinaonapo kolera, ndipo amene angasiye kusamba m'manja chifukwa cha nkhaniyi asanditchule ine. Funso langa ndi laling'ono: tisanakolope chinthu, timayamba tafunsa kuti chikugwira ntchito yanji? Kapena timangoona kuti sichikusangalatsa m'maso?

Tibwerere ku nsomba zija, pajatu zinali zikupumirabe pamwamba. Njira yachangu yozipulumutsira, malinga ndi mnzanga wa sayansi uja, inali kusintha gawo la madzi ndi ena amene agonera m'ndowa, kuchepetsa chakudya, n'kupeza chinkhupule chakale cha m'thanki ina, chokhala ndi tizilombo take kale. Pa boma ponse pano ndinkadziwa munthu mmodzi yekha woweta nsomba zoterezi, Che Saidi a ku Mangochi, amene amagulitsa nsalu ndi mapoto pafupi ndi msika. Yawo ndi fyuluta wamba, chinkhupule ndi kapampu kopopa mpweya, kolumikiza ku batire ya sola. Akuti anasankha yotero chifukwa magetsi akathima kwa nthawi yaitali, fyuluta yaikulu ngati ya a Nambewe ija imaima ndipo tizilombo ta m'kati mwake timafa.

Tinapita. A Nambewe anali atavala yunifolomu yoyera, akuchokera kuntchito.

"Che Saidi, tabwera kudzapempha," anatero akuyang'ana pansi. "Mutigawireko chinkhupule chanu chakuda."

Che Saidi anayang'ana yunifolomu, anayang'ana ine, kenako anaseka mpaka kugwira kauntala.

"Anesi, inu amene munandikalipira chifukwa cha bandeji yakuda? Tengani, ndili nazo ziwiri. Koma chisaume panjira."

Anachiika m'jumbo, kuthiramo madzi a m'thanki mwawo n'kumanga. A Nambewe anachinyamula ndi manja awiri mpaka kunyumba, akuyenda pang'onopang'ono, njinga za kabaza zikuwaimbira belu.

Pamene ndikulemba pano nsomba zija zili moyo. Zatsika pansi, ndipo dzulo zimathamangitsana kuseri kwa miyala. Ndinapita kukaziona ndikuganiza kuti ndikapeza aneba anga akusangalala. Ndinawapeza atakhala pampando moyang'anana ndi thankiyo, maso ali ofiira.

"Aphunzitsi," anatero, "abambo aja chinkhupule sankachichapa. Ankangochifinya m'ndowa n'kubwezera. Ine ndinkawanena kuti ndi auve. Ndinawanenapo ngakhale pamaso pa alendo. Iwo ankangoti, 'Zisiyeni choncho, amayi.'"

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Zaka zonse zija, sindinawafunsepo kuti chifukwa chiyani."