Lamulungu Lomwe Adadi Anabetcha pa Kipepeo

Ndikukumbukira bwino tsiku lomwe adadi anga anabetcha pa hatchi, chifukwa m'moyo wawo wonse anachita zimenezi kamodzi kokha. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Tinkakhala ku Umoja, kuno ku Nairobi, m'nyumba yosanjikizana, pamwamba pa kashopu ka mkaka ndi makala. Adadi ankagwira ntchito ku bungwe lina la mayiko ambiri. Ntchito yawo inali kutsata mitengo ya chimanga ndi nyemba m'misika yakutali, n'kumalemba malipoti onena komwe njala ikuyandikira. Analinso mkulu pa gulu la mapemphero la Amalawi, munthu wosavula jekete ngakhale kutenthe bwanji.

Koma mahatchi ankawakonda. Lamulungu lililonse la mpikisano, tikaweruka ku tchalitchi, amami ankabwerera kunyumba, ine ndi adadi n'kukwera matatu awiri, minibasi zakuno zija, mpaka ku bwalo la mahatchi la pa msewu wa Ngong. Amami analola, koma ndi lamulo limodzi: "Kuonera kokha, bambo a Tiya. Juga m'nyumba muno ayi."

Pabwalopo pankanunkhira udzu wongotchetcha kumene, ndowe ndi utsi wa nyama yootcha. Kuseri kunali nkhalango yobiriwira kwambiri. Kunkabwera azimayi a zipewa zikuluzikulu, amwenye a magalasi oonera patali, komanso azibambo ochokera ku Kibera omwe ankayedzamira mpanda tsiku lonse. Ine ndinkakonda mahatchiwo, khungu lawo lonyezimira ngati alipaka mafuta. Adadi ankakonda mabolodi. Pansi pa maambulera panali anthu olandira ndalama za obetcha, aliyense ndi bolodi lake ndi choko. Pambali pa dzina la hatchi ankalembapo nambala. Akalemba 20, ndiye kuti ukaika shilingi imodzi hatchiyo n'kupambana, akupatsa makumi awiri. Anthu ambiri akakhamukira pa hatchi imodzi, mwini bolodi ankafufuta ndi chala n'kulemba nambala yotsikirapo.

Adadi ankaima manja kumbuyo, kabuku ka mpikisano kali m'thumba. M'kabukumo munkalembedwa mmene hatchi iliyonse inathamangira maulendo apitawo. Ankandiuza kuti kabuku kamanena za mwezi watha, koma bolodi limanena za m'mawa uno. Osamalira mahatchi amaona yomwe yadya bwino ndi yomwe ikutsimphina. Amanong'oneza abale awo, abalewo n'kuika tindalama tawo, kenako a matumba akuluakulu n'kutsatira. Tinkasankha hatchi zathu pakamwa pokha, ndipo nthawi zambiri ya adadi inkabwera pakati pa zitatu zoyambirira. Ikatero ankangogwedeza mutu, osakuwa ngati anzawo.

Lamulungu limenelo mvula inali itagwa usiku wonse, nsapato zanga zoyera za ku tchalitchi n'kumamira m'matope. Pageti tinaima kwa a Onyango, bambo wa ku Kibera amene kale ankasamalira mahatchi koma tsopano ankagulitsa chimanga chootcha. Anali mnzawo wa adadi, ngakhale Chiswahili cha adadi chinali chothyokathyoka. Popereka chimanga chothira mandimu ndi tsabola, a Onyango anatsitsa mawu. Anati pa mpikisano wachinayi tiyang'ane Kipepeo, kutanthauza gulugufe. Chiboda chomwe chinkaivuta chinali chitapola, ndipo inkakonda nthaka yofewa.

Adadi anatsegula kabuku. Kipepeo inali itamaliza yachisanu ndi chimodzi, kenako yachisanu ndi chiwiri, kenako yachisanu. Yodziwika inali Jenerali, hatchi yakuda yomwe inali itapambana kawiri motsatizana. Pabolodi Kipepeo inali pa 20, Jenerali pa 2.

Tinaima pansi pa ambulera n'kumayang'ana. Anabwera bambo wa ovolosi, n'kuika ndalama zake mwakachetechete. Anabwera wina, kenako awiri pamodzi. Chala chinafufuta, choko chinalemba 14. Posakhalitsa 8. Kenako kunafika mzungu wa ndudu yaikulu, ananena mawu awiri okha, ndipo mabolodi onse anasintha ngati auzana. Jenerali nayo inayamba kukwera, kuchoka pa 2 kufika pa 3, mpaka pa 5. Atabweretsa mahatchi m'kabwalo komwe amawazungulitsa asanathamange, ndinaona ndekha. Jenerali inali thukuta lokhalokha, thovu loyera lili m'khosi, ikuponya mutu uku ndi uku. Kipepeo, kahatchi kofiirira ka mphumi yoyera, inkayenda mwachifatse makutu ali njo.

Sindinawapemphe adadi kuti abetche. Sindikanayerekeza n'komwe. Ndinangoona dzanja lawo likulowa m'thumba la jekete, likutuluka, likulowanso. Anayang'ana kumanzere ndi kumanja ngati kungatulukire munthu wa ku mapemphero. Kenako anapita pabolodi, anapereka ndalama yapepala, nabwerako ndi katikiti kapinki.

"Adadi, amami aja?"

"Khala chete, Tiya. Gwira apa."

Katikitiko ndinakafumbata mpaka kananyowa.

Mahatchi atanyamuka, nthaka inanjenjemera pansi pa mapazi anga, matope akuuluka kumbuyo kwawo. Pokhota komaliza Kipepeo inali patsogolo, wokwerapo wa malaya achikasu atagona pakhosi pake. Apo m'pamene ndinamva mawu omwe ndinali ndisanawamvepo. Adadi anga, mkulu wa mapemphero, anali atakwera pa thabwa la mpanda, jekete ikuuluka, akukuwa m'Chichewa pakati pa anthu osamva Chichewa: "Thamanga, mwana iwe! Thamanga! Usayang'ane m'mbuyo!" Nanenso ndinakuwa mpaka mawu anasasa. Koma kutatsala pang'ono kufika pamzere, chakumbali kunatulukira hatchi yotuwa yomwe palibe anaitchula tsiku lonse. Inadutsa Kipepeo ndi khosi lokha. Jenerali inafika yachinayi.

Adadi anatsika pampanda, nakonza taye. Kenako anati bolodi silinaname: Kipepeo inathamanga kuposa masiku onse, Jenerali inalidi yosakonzeka, kungoti panali ina yomwe palibe anaiona m'mawa. Atatero anapisa m'matumba onse, wina ndi wina, n'kuyamba kuseka chapansipansi. Ndalama ija inali yathu yokwerera matatu. Masiku amenewo kunalibe zotumizirana ndalama pafoni, ndipo kupempha a Onyango, munthu wogulitsa chimanga, anachita nako manyazi. Tinauyamba wapansi kulowera m'tauni.

Msewu wa Ngong ndi wautali ukamauyenda ndi nsapato za ku tchalitchi. Tinadutsa opala matabwa omwe ankayanika mipando ndi mabedi m'mbali mwa msewu, ogulitsa maluwa m'zitini, ndi mbuzi zomwe zinkadya makatoni. Matatu ankatiimbira mabelu, adadi n'kumawabayibitsa ngati tikuyenda mwakufuna kwathu. Chidendene changa chitatuluka thuza, anapinda mpango wawo n'kuuika m'nsapato. Litaphulika, anandibereka kumsana, ine mtsikana wamkulu kale, miyendo ikulendewera mpaka m'mawondo mwawo. Jekete yawo inkanunkhira sopo ndi utsi wa chimanga.

Ndili kumsanako m'pamene anandiuza. Anati ntchito yawo ikutha kumapeto kwa mwezi wotsatira, ndipo tibwerera ku Malawi, ku Dedza. Kalata anali atalandira masabata awiri apitawo, koma amami anali asanawauze. Ine ku Malawi ndinachokako ndili ndi zaka zitatu. Anzanga onse anali ku Umoja, sukulu yanga, ngakhale maloto ndinkalota m'Chiswahili. Ndinayamba kulira, misozi ikugwera pakolala yawo.

"Nanga n'chifukwa chiyani mwataya ndalama, ntchito ikutha?" ndinawafunsa mokwiya.

Anayenda mapazi angapo asanayankhe. "Zaka zonsezi ndakhala ndikungoonera, mama. Kuntchito ndimaona mitengo ikukwera, ndimalemba, ena n'kumakachita. Kuno chimodzimodzi. Lero ndimafuna ndiikepo kanga ndisanachoke."

Sindinamvetse, koma ndinasiya kuwafunsa. Anayamba kundifotokozera za Dedza: phiri lomwe limavala nkhungu m'mawa, mbatatesi za pamsewu, mapichesi a kuseri kwa nyumba ya azakhali awo. Anafotokoza mpaka tinaona nyumba zitalizitali za m'tauni. Pa siteji ya matatu opita ku Umoja kondakitala wina amene ankawadziwa anayang'ana matope athu, anati "Pole, mzee," kutanthauza kuti pepani bambo, natikweza ulere.

Tinafika dzuwa likulowa. Amami anatiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Kodi lero othamanga anali mahatchi kapena inuyo?"

Adadi anakhala pampando n'kuulula zonse, za kubetcha ndi za kalata yomwe, ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'manja. Amami analowa kukhitchini, anabwerako ndi beseni la madzi ofunda othira mchere, natiuza tonse awiri kuti tiviikemo mapazi. Kenako anatsegula chitseko cha kuchipinda. Kuseri kwake kunali mulu wa makatoni opindapinda. Mkazi wa mnzawo wa adadi anali atawauza kale amami za kalatayo sabata yathayo, ndipo iwo anali atayamba kupempha makatoni m'mashopu, kudikira kuti amuna awo alimbe mtima.

"Za ntchito ndakukhululukirani," anatero. "Za juga tikambirana mwana akagona."

Tinapitadi ku Dedza, ndipo adadi sanaonenso mpikisano wa mahatchi mpaka pamene anatisiya. Ine ndinabwerera ku Nairobi nditakula, ndikugwira ntchito kuno, ndipo ndimakhala ku Utawala. Chaka chatha ndinapitanso kubwalo kuja. Mahatchi akadali okongola, koma anthu ambiri anali ataweramira mafoni, manambala akusintha okha popanda chala chofufuta, ndipo sungadziwe amene waika ndalama, kaya ndi wa ovolosi kaya wa ndudu yaikulu. Pageti ndinafunsa za a Onyango, palibe amene anawadziwa. Pobwerera ndinayendetsa galimoto mumsewu womwe uja. Anaukuza, malo ambiri sindinawazindikire, ndipo ndinafika m'tauni msanga kwambiri. Ana anga amandifunsa kuti agogo awo anali munthu wotani, ndipo ndimawauza kuti anali wofatsa, wosakweza mawu. Ndi zoona ndithu. Koma anthu onse amene anawadziwa, ku mapemphero, kuntchito, ngakhale amami, palibe anawamva akukuwa. Ndinawamva ine ndekha, ndipo ndikanakonda nditawamvanso.