Gilson ndi nsomba zodulidwa mchira

Gilson ndi mwana wanga wachiwiri, wa ine Eness ndi malemu Abson Daka a ku Katete. Ana ake ndi Febby, Jethro ndi Emmy, ndipo ndalemba izi kuti adzukulu angawa awadziwe bwino atate awo. Anakulira m'Kabwata. Sukulu yake yonse inatuluka m'dengu langa la nsomba pa msika wa Soweto.

Mu 1983 ankagwira ntchito m'boma. Boma linkapatsa anthu ndalama zokumbira madamu oweta nsomba, ndipo tsiku lokolola Gilson ankapita ndi sikelo kukaona ngati nsombazo zikulingana ndi ndalama zimene zinalowapo. Nyumba yawo ya ku Chelstone inali ya ntchito. Kutha kwa ntchito kunali kugona panja, mkazi wake ali ndi pakati.

Panali bambo wina, Chalwe, amene analandira ndalama zambiri nakumba madamu pamchenga. Madzi ankangolowa pansi. Koma munthuyo ankadya ndi akuluakulu. Lachisanu lina m'mawa anatumiza dalaivala pa Soweto, nagula madengu anga anayi osanenerera. Ine kukondwa, osadziwa kumene zikupita.

Gilson pofika kumadamu anapeza madengu atandanda kale, nsomba atazipaka matope.

"Mwachedwa, ba sikelo, takolola kale," anatero Chalwe. "Pimani, musaine, tikamwe tiyi."

Tsono ife ogula nsomba ku Kafue timakweza madengu pa lole imodzi, ndiye aliyense ali ndi chizindikiro chake. Changa n'kudula nsonga ya mchira. Gilson anagwira mpeni umenewo kuyambira ali wa kabudula. Ananyamula imodzi, naitembenuza.

"Ba Chalwe, nsomba za m'damu mwanu zimabadwa na mpeni wa amai anga?"

Antchito anaphulika kuseka. Chalwe sanaseke. "Iwe mwana, nyumba ija ukuifunabe?"

Mwana wanga anavula nsapato, napinda buluku, nalowa m'damu ndi ukonde. Madzi a m'akakolo! Anakoka katatu, natulutsa tinsomba tosadzaza mbale ndi achule awiri. Zimenezo n'zimene anapima nalemba.

Miyezi iwiri akuluakulu a kuntchito anamukhazika kunyumba. Ankati wanyoza anthu aulemu. Apongozi anga, mkazi wake, anamanga ndithu katundu. Kenaka boma linatumiza ena kukakoka ukonde womwewo, nawonso anabwerako ndi achule. Ndalama zimene zikanapitanso kwa Chalwe anazipereka kwa amayi ena a kuseri kwa Kaunda Square, amene damu lawo ladongo linkasunga madzi chaka chonse. Gilson anabwerera pa ntchito, ndipo Emmy anabadwira m'nyumba yomweyo ya ku Chelstone.

Nditamva zonse ndinati, "Wandithamangitsira kasitomala wa madengu anayi, iwe!"

Iye anati, "Amai, nsomba yoyamba ya m'damu la amayi aja ndi yanu, ya mchira wathunthu."

Amayi aja akolola kasanu tsopano, koma nsomba yanga sindinaione. Gilson akabwera Lamulungu ndimayang'ana m'manja mwake, iye n'kuyamba kufunsa za bondo langa. Febby, uwakumbutse atate ako.