Bambo Anga, Kalaliki wa ku Kanengo

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinawapezera bambo anga ntchito ya ukalaliki. Sanaifunsire, sanaigwire ngakhale tsiku limodzi, ndipo mpaka kumwalira kwawo sanandithokoze. Ndineneretu kuti amene akulemba izi ndi munthu wophunzira. Ndinakhala ku koleji chaka chimodzi ndi miyezi inayi, kufikira pamene akuluakulu a kumeneko, ataona mapepala anga a mayeso, anagwirizana onse kuti ndaphunzira zokwanira ndipo ndikhoza kumapita. Choncho zimene ndinene pano muzilandire ndi ulemu wake.

Nthawi imeneyo tinkakhala pa esiteti ina ya fodya cha ku Lisasadzi. Bambo anali tenanti. Kwa inu amene simunakhaleko, tenanti ndi munthu amene amalima fodya wa eni ake, m'munda wa eni ake, n'kumagona m'nyumba ya eni ake, koma msana umene umawawa ndi wake. Nyumba za matenanti zinandandalikidwa pamzere umodzi kuseri kwa zigafa, ndipo yathu inali yachisanu ndi chiwiri. Ndiye kapitawo, posafuna kuvutika ndi maina, ankawaitana bambo kuti a Seveni. Anthu onse anatengera pomwepo. Ine ndinali mwana wa a Seveni.

Kwathu kwenikweni kunali ku Phalombe. Amayi anali atabwerera kumeneko ndi alongo anga awiri, ati akadwazike mayi awo. Odwalawo anachira, koma amayi sanabwerenso. M'nyumba tinatsala awiri, ndipo tonse pakamwa pathu panali polemera. Tikatha kudya, chimene chinkamveka ndi mphepo yokha ikudutsa m'zigafa, ikugwedeza masamba ouma pa mikangala, phokoso lake ngati la anthu ambiri akunong'onezana za ife.

Chaka chimenecho, fodya atapita ku okushoni, aphunzitsi athu a Mwale anaganiza zokonza sewero loti lidzachitike tsiku la masika kutchalitchi. Nkhani yake inali ya bwana wina wankhanza amene anadwala n'kupulumutsidwa ndi wantchito yemwe ankamuzunza. Anthu ofuna kukhala wantchito anapezeka ambiri. Chimene chinasowa ndi munthu wamtali, wa nkhope yosaseka, woti akhale bwana. Lamlungu lina a Mwale anayendetsa maso m'tchalitchi monse, ndipo anakaima pa benchi yakumbuyo pamene ankakhala bambo.

Bambo sankadziwa kuwerenga. Mawu awo a m'sewero ndinkawawerengera ine masana, titakhala pamthunzi wa chigafa, iwo n'kumabwereza pambuyo panga.

"Ndikufuna mabelo makumi awiri pofika Lachisanu," ankatero motsitsa, ngati munthu wodzapempha moto.

"Mokweza, ababa. Bwana salankhula choncho."

"Ndikudziwa mmene amalankhulira. Ndamumva zaka khumi ndi zinayi."

Kumeneko kunali mwambo wake wa zisudzo. Sewero likatha, onse ochita seweroli ankaima pamzere, ndipo wina ankawatchula mmodzimmodzi pa chimkuzamawu: dzina lake, mudzi umene amachokera, ndi ntchito imene amagwira kapena imene anagwirapo. Anthu ankaikonda mbali imeneyi kuposa sewero lenilenilo. Mudzi ukangotchulidwa, amayi a m'mudzimo ankalulutira, ana n'kumaimba malikhweru, wotchulidwayo n'kumagwedeza dzanja ngati phungu. Popeza mu Sitandade 5 monse ndine ndinkawerenga osajejema, a Mwale anandipatsa kope ndi cholembera, nati ndikafunse aliyense mbiri yake, ndipo tsikulo ndidzawerenge ndekha.

Ndinayamba ndi a Chimphamba, okonza njinga pa tiredingi, amene m'sewero anali wantchito uja. Ndinawapeza akumata chubu.

"Lemba kuti ndinagwirapo ntchito kuwailesi ku Blantyre."

"Munkaulutsa mawu?"

"Iwe, wakutuma mafunso ndani? Ndati lemba kuti ndinagwirapo."

Ndinadzamva patapita zaka kuti ankatchetcha udzu kunja kwa mpanda wa nyumba ya wailesiyo, kwa milungu isanu. Mayi Nabanda, amene m'sewero anali mkazi wa bwana, ndinawapeza akukazinga zitumbuwa. Iwo anati ndilembe kuti ndi a zachipatala, popeza ali mtsikana anachapako nsalu pachipatala china cha mishoni. A Mwale enieniwo anandiuza kuti anaphunzira luso la zisudzo ku Zomba. Ankanena zoona. Maphunzirowo anali a masiku atatu, kuphatikiza tsiku lofika ndi lonyamuka. Pofika masana kope langa linali litadzaza ndi anthu akuluakulu, moti ndinadabwa kuti dziko likuyenda bwanji pamene onsewa ali ku Lisasadzi.

Bambo ndinawafunsa pomalizira. Ndinawapeza pakhomo akusema mpini wa khasu. Ataona kope, anaika mpini pansi, anapukuta manja pa buluku, n'kukhala mowongoka ngati akufuna kuwajambula chithunzi. Ndinazindikira kuti mawu awo anali atawakonza kale, mwina kwa masiku angapo.

"Lemba. Dayitoni Mukhuna. Osati Seveni. Wa m'mudzi mwa Namphwanya, kuseri kwa phiri la Michesi, ku Phalombe. Walima fodya zaka khumi ndi zinayi. Giredi ya tsamba amaidziwa ndi zala, ngakhale atatsinzina."

Anathera pomwepo. Ine ndinadikira, cholembera chili m'mwamba.

"Palibenso china, ababa? Simunagwirepo ntchito ina iliyonse?"

"Imeneyo si ntchito?"

Anandiuza kuti ndiwawerengere. Nditamaliza anati ndibwereze. Kachiwiriko ndinaona milomo yawo ikuyenda limodzi ndi ine pamene ndinafika pa dzina la mudzi. Kenako anatola mpini wawo n'kupitiriza kusema, koma ankaimba kanyimbo kapansipansi m'chinenero cha kwathu, chinthu chimene ndinali ndisanachimve chichokereni amayi.

Ine ndinapita kuseri kwa chigafa n'kuliyang'ana bwino kope lija. Wailesi. Chipatala. Zomba. Kenako khasu. Ndinadziwanso kuti dzina la Namphwanya likadzatchulidwa sipadzakhala wolulutira ngakhale mmodzi, chifukwa a m'mudzimo tinalipo awiri okha, wina ali pansanja wina atagwira chimkuzamawu. Kusukulu anzanga ankanditcha kale obwera, odya kalongonda. Ndinaona kuti ndikangowerenga mizere imeneyo pamaso pa sukulu yonse, ndatha. Ndiye monga munthu amene tsogolo lake la maphunziro linali kuonekera kale, ndinathothola tsambalo mosamala, ndinalipinda kanayi n'kuliika m'thumba la kabudula. Patsamba latsopano ndinalemba kuti: A D. Mukhuna, ochokera mumzinda wa Lilongwe, amene kale anali kalaliki ku Kanengo kumene amagulitsira fodya. Ndinawerenga n'kuona kuti zakoma. Ndinadziuza kuti ndikuwachitira zabwino.

Tsikulo kunali mphepo ya mwezi wa Ogasiti, yafumbi, yolowa mpaka m'mano. Nsanja inali ngolo ya thirakitala, ndipo chotchinga chake chinali ziguduli zokutira mabelo, zosokedwa pamodzi, zikununkhabe fodya. Bambo anavala jekete yobwereka kwa Che Yusufu a golosale. Inali yaifupi manja, moti zikhatho zawo zakuda ndi utomoni wa fodya zinkalendewera panja ngati za munthu wina. Koma atangotulukira kuseri kwa ziguduli, ine sindinawazindikire. Anayenda mimba patsogolo ngakhale mimbayo analibe, anayang'ana anthu kuyambira kumapazi, kenako anakuwa za mabelo makumi awiri zija ndi mawu amene anaulutsa njiwa padenga la tchalitchi. Matenanti anaseka mpaka misozi. Kapitawo nayenso anaseka, koma akuyang'ana nsapato zake. A Chimphamba, katswiri wa kuwailesi, anaiwala mawu awo kawiri chifukwa cha mantha enieni.

Sewero litatha anaima pamzere, ndipo a Mwale anandipatsa chimkuzamawu. Nditatchula a Chimphamba ndi wailesi yawo, bwalo lonse linaphulika. Aliyense ankadziwa kuti ndi bodza, koma linali bodza lawo, anthu analizolowera ngati chipewa chong'ambika chimene a Chimphamba ankavala. Mayi Nabanda anavina pang'ono pamene amayi a kwawo ankalulutira. Kenako inafika nthawi ya bambo. Ndisanatsegule n'komwe pakamwa, iwo anasuntha phazi limodzi kutsogolo, anavula chipewa chimene anavala monga bwana m'sewero n'kuchigwira pachifuwa.

Ndinawerenga. Mawu anga anamveka bwino kwambiri, sindinajejeme paliponse.

Kenako wina kumbuyo anafunsa mokweza, "Kalaliki? A Seveni omwewa?" Chiseko chinayambira kumeneko n'kufalikira bwalo lonse. "A Seveni, mutilembereko kalata!" Kapitawo, amene anali atapeza pobwezera, anaika manja kukamwa: "Mawa kunazale mubwere ndi cholembera, a kalaliki!"

Bambo sanaseke, sanakwiye. Anangoima pomwepo, phazi limodzi patsogolo pa anzawo, mutu ataupendeketsa pang'ono, ngati munthu amene akudikira kuti mawu ena akubwera. Ine ndinapitirira ku dzina lotsatira. Ndi pamene anabweza chipewa kumutu n'kubwerera pamzere.

Pobwerera kunyumba anayamba akabweza jekete kwa Che Yusufu, kenako tinadutsa njira ya m'minda. Mizere inali mbee, mutangotsala ziputu za fodya, ndipo chigwa chonsecho munthu unkatha kuona mpaka kumene maso alekezera osaona munthu wina. Iwo anali patsogolo, ine pambuyo. Ndinkayembekeza mkwapulo, ndipo kunena zoona ndinkaufuna. Titafika pakati pa munda anaima osatembenuka.

"Munthu unamutchula uja, wa ku Lilongwe uja, ndi ndani?"

"Ndimafuna kuti anthu akupatseni ulemu, ababa."

"Ine ndinaima paja kudikira kuti utchule ine."

Mphepo inadutsa. Kenako anatembenuka n'kundiyang'ana, osati mwaukali, koma ngati mmene ankayang'anira tsamba lokayikitsa asanaliike pa mulu wake.

"Kapena pepala lija linatayika?"

Anali akunditsegulira khomo kuti ndituluke. Ndipo ine, mwana wanzeru wa Sitandade 5, ndinatulukira pomwepo.

"Eya, ababa. Linatayika."

Anagwedeza mutu, tinapitiriza ulendo. Pepalalo linali m'thumba langa, likundikanda pantchafu mpaka kunyumba.

Kuyambira tsiku limenelo dzina la Seveni linatha. Anakhala a Kalaliki, ndipo ankayankha monga ankayankhira lakale lija. Chaka chotsatira a Mwale anabwera kudzawapempha kuti akhalenso m'sewero, iwo anati chifuwa chikuwavuta. Kanyimbo kaja sindinakamvenso. Nkhaniyi sitinaikambenso, ngakhale tinakhala m'nyumba imodzi zaka zina zisanu ndi zitatu, awiriwiri, tikumvetsera mphepo.

Chifuwacho chinadzakhala chenicheni. Anabwerera ku Phalombe chaka chimene ndinapita ku koleji, ndipo anamwalira ine nditangobwezedwa kumene. Pamaliro, itafika nthawi yowerenga mbiri ya malemu, ndinapempha amalume kuti ndiwerenge ndine. Ndinatulutsa tsamba lija, litachita chikasu, lothetheka m'mapindo, ndipo ndinawerenga mizere yawo monga anainenera. Dayitoni Mukhuna. Wa m'mudzi mwa Namphwanya, kuseri kwa phiri la Michesi. Phirilo linali pomwepo, likutiyang'ana. Mayi wina wachikulire ananong'oneza mnzake, koma mokweza mwakuti ndinamva: "Nanga akutiuza ife kuti kuno n'kwa Namphwanya? Mwanayu sukulu inamuzunguza mutu."

Ankanena zoona mayiwo. Kumeneko aliyense ankadziwa dzina lawo ndi mudzi wawo. Amene ankafunika kumva anali ku Lisasadzi, anthu amene anagwira nawo ntchito zaka zonsezo osadziwa kuti munthu wa m'nyumba yachisanu ndi chiwiri anachokera kwinakwake, kumene kuli phiri, kumene ali ndi dzina. Bambo sanafune ulemu. Ankafuna kuti kamodzi kokha, pa chimkuzamawu, zimveke kuti iwo ndi ndani. Mwayi umenewo unali wa tsiku limodzi, pa ngolo imodzi, ndipo unali m'manja mwanga. A Chimphamba anadzinamizira okha, ndipo linali bodza la munthu wodzikonda. Langa linali bodza la mwana amene ankachita manyazi ndi bambo ake, ndipo bambowo anamva zimenezo bwinobwino ngakhale sankadziwa kuwerenga.

Lero ndimagwira ntchito pa kashopu kena ku Kasungu boma, kutayipira anthu makalata ofunsira ntchito. Tinganene kuti ndine kalaliki. Munthu akandiuza mbiri yake ndimalemba monga wanenera, ndipo ndikamaliza ndimamuwerengera kawiri. Ena amatopa nane.

Esiteti ija tsopano amalimapo soya, zigafa zinagwa, mzere wa nyumba uja palibenso. Koma minibasi ikamadutsa cha ku Lisasadzi ndimayang'ana pawindo n'kunena mizere ija chapansipansi, yonse, mpaka pa zala ndi kutsinzina. Tsiku lina kondakitala anandimva ndikung'ung'udza, anamenya denga kuti dalaivala aime.

"Mukutsika pano, biggie?"

Ndinayang'ana panja. Panalibe munthu aliyense, koma minda ndi fumbi.

"Ayi," ndinatero. "Tiyeni tizipita."